Makilo 999 a Sesto Elemento ndi Altezza yanu ya pa Donnybrook

Mu 2010, pa chionetsero cha magalimoto cha ku Paris, Lamborghini inavundukula galimoto yotuwa ngati makala yomwe inaitcha Sesto Elemento. Dzinalo m'Chitaliyana likuloza kaboni, yemwe ali pa nambala 6 pa tchati cha maelementi chomwe ana amaloweza ku sekondale. Injini yake sinali yachilendo: V10 ya malita 5.2 yotulutsa horsepower 570, yomweyo ya mu Gallardo Superleggera. Chachilendo chinali pa sikelo. Superleggera, yomwe dzina lake lomwelo likudzitama kuti ndi yopepuka, inalembedwa makilo 1,340. Sesto Elemento inalembedwa 999. Injini imodzimodzi, matayala onse anayi akukoka, koma makilo oposa 300 achoka. Kuchoka poima kufika makilomita 100 pa ola inkatenga masekondi 2.5, pomwe Superleggera inkafuna 3.4.

Nkhaniyi ikutikhudza ife a ku Harare kuposa munthu wa ku Beira kapena ku Durban. Mzinda uno uli pamtunda, pafupifupi mamita 1,500 pamwamba pa nyanja yamchere, ndipo mpweya wa kuno ndi wopepuka. Injini yopanda turbo imangoyamwa wodzadza masilinda ake, ndiye okosijeni akachepa, petulo wopsa amachepanso. Pa mamita 300 alionse okwera imataya pafupifupi magawo atatu pa 100 a mphamvu zake. Kuno ndiye kuti 15 pa 100 apita musanalize n'komwe injini, ndipo mu Okutobala, phula likamachita nthunzi ndi dzuwa, amapitanso ena. Toyota Altezza RS200 ya giya yamanja inalembedwa horsepower 210 ku Japan. Pa Donnybrook, bwalo la mipikisano ya magalimoto cha ku Mabvuku uko, ikakupatsani 180 muithokoze, poti nayo yakula. Kilo yokha ndiyo sisintha. Yomwe mwachotsa ku Beira ndi yomweyo mwachotsa ku Harare.

Tiwerengere limodzi, abale. Altezza ija, muli dalaivala ndi petulo pang'ono, tinene kuti ikulemera makilo 1,400. Pa horsepower 180, iliyonse ikukoka makilo 7.8. Mukachotsa makilo 100, iliyonse ikukoka 7.2. Kuti mufike pa 7.2 popanda kuchotsa kanthu mufunika horsepower zina 14, ndipo amene anayesapo kufinya 14 mu injini yake ya BEAMS, yomwe Toyota anaifinya kale mpaka kuuma, akudziwa madola omwe amapita. Komanso horsepower imakuthandizani polunjika pokha. Kupepuka kumakuthandizani ponyamuka, pokhota ndi pomanga mabuleki. Kutentha komwe mabuleki amameza kumayendera kulemera kwa galimoto, choncho makilo 100 pa 1,400 ndi magawo 7 pa 100 a moto omwe achoka pa kona iliyonse. Mafuta a mabuleki a DOT 4 akakhala atsopano sawira asanafike madigiri 230, koma akamwa chinyezi malirewo amatsika mpaka cha m'ma 155. Magawo 7 aja nthawi zina ndi omwe amasiyanitsa pedulo yolimba ndi pedulo yomira pansi ngati mwaponda thope.

Ambiri akaona Sesto Elemento amaona thupi lake la ulusi wa kaboni basi, n'kuthamangira kukafuna boneti yakuda yonyezimira. Koma suzumirani mkatimo. Mulibe mipando. Pali timitsamiro tofiira tomatidwa pa chigoba chenichenicho cha galimoto, chomwe anachiumba chokhota ngati msana wa munthu. Poti mpando sukusuntha, chiwongolero ndi mapedulo ndi zomwe zimasendera kwa dalaivala. Pamenepo achotsa mafelemu awiri, njanji zinayi ndi mabawuti ake onse, ndipo chigoba chikugwira ntchito ziwiri. Mulibe wailesi, mulibe AC, mulibe kapeti, ndipo kutsogolo kwa dalaivala mukuona mafupa a galimoto poyera. Kunja kulibe penti wamba, ulusi wa kaboni ukuonekera pansi pa utomoni. Ekizozi siyenda ulendo wautali pansi pa galimoto, imatulukira m'mwamba, kumbuyo kwa injini, ndipo mapaipi ake akumapeto ndi a Pyrosic, chosakaniza cha galasi ndi seramiki chopirira madigiri 900. Malimu, shafuti yopita ku matayala akutsogolo ndi mikono ya suspension, zonsezo ndi kaboni.

Zina mwa zigawozi anazipanga ndi njira yomwe Lamborghini inakonza pamodzi ndi Callaway, kampani ya ndodo za gofu, yotchedwa forged composite. Kaboni wa masiku onse ndi nsalu yoluka: amaiyala m'chikombole chinsalu ndi chinsalu, n'kuiphika maola angapo mu uvuni wa mpweya wopanikiza. Mu forged composite ulusi ndi woduladula, wosakaniza ndi utomoni ngati phala lolimba, ndipo amaufinya m'chikombole chotentha kwa mphindi zochepa. Umatuluka wamawangamawanga ngati mwala. Sulimba mbali imodzi ngati woluka, koma umalowa m'makona momwe nsalu singapindike.

Chomwe simungachitengere pa galaja ya ku Gazaland kapena ku Magaba ndi ichi: galimoto yomwe aiganizira kupepuka kuyambira pa pepala, kilo imodzi imachotsa inzake. Thupi likapepuka, mabuleki amachepa. Mabuleki akachepa, mikono yowagwira imachepa, masipuling'i amachepa, thanki imachepa. Inu mukuyamba ndi galimoto yomwe zonse anazipima kale kuti zinyamule anthu asanu ndi matumba a chimanga. Ndiponso musaiwale kuti Sesto Elemento sinaloledwe pamsewu. Zochepa zomwe anapanga, zosapitirira 20, zinali za pa bwalo la mpikisano pokha.

Ena anayenda njira yomweyo mofatsa. Mazda, pa chionetsero cha ku Frankfurt mu 2009, inabweretsa MX-5 Superlight ya makilo 995, yopanda denga ndi galasi lakutsogolo lomwe, injini yake ya malita 1.8 ya horsepower 126 osaikhudza. Audi mu 2013, ku Wörthersee m'dziko la Austria, inaonetsa TT ultra quattro ya makilo 1,111 ndi horsepower 310, yomwe masipuling'i ake sanali achitsulo koma a ulusi wa galasi ndi utomoni. Kwa munthu wa thumba langa ndi lanu, ya Mazda ija ndiyo mphunzitsi wabwino, chifukwa makilo ake ambiri anachoka ndi sipanala, osati ndi uvuni.

Tsono manambala a zipangizo, poti apa ndi pomwe anthu amanamizana. Chitsulo chodzadza lita imodzi chimalemera makilo 7.85. Titanium 4.5, aluminiyamu 2.7, galasi 2.5, magnesium 1.74, kaboni ndi utomoni wake cha m'ma 1.6, polycarbonate, pulasitiki yolimba yoonekera ngati galasi, 1.2. Mukaona choncho muganiza kuti aluminiyamu akuchotserani magawo awiri mwa atatu. Ayi. Aluminiyamu amapindikanso mosavuta katatu kuposa chitsulo, ndiye chigawo chomwecho chiyenera kunenepa kuti chisamagwedere. Phindu lilipo pa zinthu zafulati ngati boneti ndi zitseko, koma pa bulaketi yomwe mwangokopera muyeso wa yachitsulo mwapanga chinthu chothyoka msanga. Aluminiyamu akamagwedezeka kosalekeza amatopa n'kung'aluka, ndipo pomwe mwawotcherera ndi pomwe pafooka koposa.

Musanamasule bawuti ngakhale imodzi, pimani galimoto. Sikelo ya malole siyokwanira, chifukwa zambiri zimadumpha makilo 20 nthawi imodzi, ndiye ntchito ya Loweruka lonse singaoneke n'komwe. Zofunika ndi masikelo anayi, tayala lililonse yakeyake, pansi posalala. Matayala akhale ndi mpweya womwe mumathamangira, thanki ikhale pa muyeso womwe mwaulemba, dalaivala akhale pampando atavala zonse. Petulo amalemera pafupifupi magalamu 750 pa lita, kotero malita 40 ndi makilo 30. Kuiwala zimenezi n'kumene kumachititsa munthu kusangalala ndi makilo omwe sanachotse. Pa chifukwa chomwechi musamafanizire nambala yanu ndi ya m'magazini mwachisawawa: makampani ena amalemba galimoto yopanda petulo, oilo ndi madzi, ena ili ndi zonsezo, ena amawonjezanso makilo 75 a dalaivala.

Lembani manambala anayiwo. Phatikizani tayala lakutsogolo kumanja ndi lakumbuyo kumanzere, mugawe ndi kulemera konse. Yankho likhale pafupi ndi 50 pa 100. Likapatuka kwambiri, galimoto imakhota bwino mbali imodzi n'kumakana mbali inayo, ndipo mudzathera ndalama pa matayala mukufuna vuto lomwe lili pa sikelo.

Makilo oyamba ndi aulere. Tayala la sipeya, jeke ndi zida zake ndi 15 mpaka 20. Mpando wakumbuyo, malamba ake, kapeti, nsalu ya kudenga, masipika ndi chibokosi cha nyimbo chija mumachikonda, zonse pamodzi zimafika 40 kapena kuposa. AC yonse, kompuresa, mapaipi ndi condenser, imaposa makilo 10, koma gasi wake akachotsedwe ndi makina ake, osangomasula paipi, ndipo mufunika lamba wa injini wamfupi. Kuchotsa condenser kumathandizanso ladiyeta kupuma, zomwe n'zofunika kuno komwe madzi amawira pa madigiri 95.

Pansi pa kapeti mupeza phula lomatidwa pa chitsulo lotsekereza phokoso. Musalitenthe ndi moto, limasanduka ulimbo wosachoka ndipo pansi pomwepo padutsa mapaipi a petulo. Gulani dry ice, mpweya wa carbon dioxide woumitsidwa ngati ayisi, yemwe amazizira kufika madigiri 78 pansi pa ziro. Mumuphwanye, mumuyale pa phulalo, mufunditse chiguduli kwa mphindi 10 kapena 15. Mukamva likuthetheka ngati chimanga chokazinga, menyani ndi hamala ya labala. Limatuluka mapale akuluakulu, chitsulo n'kutsala choyera. Valani magolovesi ochindikala ndipo zitseko zonse zikhale zotsekula, chifukwa utsi wake umakomola munthu m'galimoto yotseka. Mu saluni mumatuluka makilo 10 kapena kuposerapo pang'ono.

Batire ya asidi imalemera makilo 12 mpaka 18, ya lithium ya mtundu wa LiFePO4 yolizira injini imalemera 2 mpaka 4. Apa a ku Harare tili ndi msampha wathuwathu. Chifukwa cha kuthimathima kwa magetsi tinazolowera mabatire a lithium a sola, ndipo wina amaganiza kuti kabatire ka inverter kangagwire m'galimoto. Sitata imakoka ma amp mazana angapo pa kanthawi kochepa, pomwe chotetezera cha mkati mwa batire ya sola nthawi zambiri chimadula cha m'ma 100. Choopsa kwambiri ndi chotetezeracho chikadula injini ikulira: alternator imasowa koponya magetsi, mphamvu imalumpha, kompyuta ya injini n'kupsa. Gulani yolembedwa kuti ndi ya sitata, ndipo pimani kuti alternator yanu sipitirira ma volt 14.6. Dziwaninso kuti kabatire kotere kamasunga magetsi ochepa, alamu ndi tracker zimakamaliza m'masiku owerengeka galimoto ikangokhala.

Magalasi: sikweya mita imodzi ya galasi la mamilimita 4 ndi makilo 10, polycarbonate ya muyeso womwewo ndi 4.8. Onjezani kamota ndi zitsulo zokwezera galasi m'chitseko, phindu likukula, ndipo ndi kulemera komwe kuli m'mwamba, koyenera kuchoka. Samalani kuti asakugulitseni acrylic, imasweka misongole yakuthwa. Polycarbonate imafutukuka ndi dzuwa kuposa chitsulo, choncho mabowo ake akhale okulirapo kuposa bawuti ndi mamilimita 2 kapena 3, muikenso mawashala a labala, apo ayi ming'alu iyambira pa bowo lililonse. Petulo, thinner ndi guluu womangira manati zimaing'alula. Galasi lakutsogolo lisiyeni momwe liliri. Ndi la magalasi awiri okhala ndi pulasitiki pakati, limathandiza kugwira denga, ndipo waipa ingakande polycarbonate mpaka kuchita chifunga mvula imodzi isanathe.

Kilo ya pa tayala ndi yodula kuposa zonse. Limu, tayala ndi buleki sizikhala pa sipuling'i, zimadumpha ndi bampu iliyonse, ndipo zikalemera shock imavutika kuzibweza pansi. Komanso injini iyenera kuzizungulitsa kuwonjezera pa kuzikankha. N'chifukwa chake malimu a mainchesi 18 pa galimoto yomwe inabwera ndi 16 kapena 17 kawirikawiri amaichedwetsa, ngakhale amakongola pa Facebook. Limu ya forged, yosulidwa ndi makina opanikiza, imapepuka n'kukhalabe yolimba, ikagunda dzenje imapindika. Yotengera yothira m'chikombole, yooneka chimodzimodzi koma yotchipa, imakhala ndi timabowo ta mpweya mkati ndipo imasweka. Ndi maenje a m'misewu yathu mvula ikangoyamba, limu yopepuka yosadziwika kwawo ndi ngozi. Ipimeni pa sikelo, werengani zodinda kuseri kwake, ndipo yomwe inawotchereredwapo pa sipoko isakwere pa bwalo.

Flywheel, chimbale cholemera cha pakati pa injini ndi giya, ikakhala yopepuka imamveka kwambiri mu giya yoyamba ndi yachiwiri. Koma musatengere flywheel yanu kwa wa lathe kuti aisepe kwambiri. Zambiri ndi za chitsulo chothira, ndipo yosepedwa molakwika imaphulika injini ikakwera, zidutswa n'kuboola belu la giya pafupi ndi mapazi anu. Gulani yopangidwira ntchitoyo, aipime balansi pamodzi ndi pressure plate, muike mabawuti atsopano.

Tibwerere ku boneti ija. Zambiri zogulitsidwa ngati kaboni ndi fibreglass yochindikala yokhala ndi nsalu imodzi ya kaboni pamwamba, chikomekome cha mkuyu. Itembenuzeni muone kunsi: mukaona ulusi woyera wosokonekera ngati udzu wouma, mwadziwa. Ina imalemera mofanana ndi yachitsulo yomwe mukuchotsa. Yeniyeni nayo ili ndi mavuto ake. Kaboni akakhudzana ndi aluminiyamu pali chinyezi, aluminiyamuyo amadyeka n'kutuluka ufa woyera, ndiye pakati pafunika nsalu ya galasi kapena washala wa pulasitiki. Dzuwa la kuno limachititsa utomoni chikasu n'kuufooketsa ngati palibe vanishi woteteza. Ndipo kaboni sapindika kuti akuchenjezeni. Akagundidwa, nsalu zamkati zimalekana kunja kukuoneka bwinobwino. Tengani kobiri muzigogoda pang'onopang'ono: pabwino pamalira kuti ngwe ngwe, povulala pamalira mogontha ngati chikatoni. Boneti iliyonse yopepuka imangidwe ndi mapini awiri olowa m'chitsulo cha galimoto, chifukwa loko wamba amazuka mu fibreglass pa liwiro, boneti n'kudzaphimba galasi lonse.

Kenaka makilo ena amabwerera, ndipo abwerere ndithu. Khola la mapaipi, roll cage, malamulo a FIA, bungwe loyang'anira mipikisano ya magalimoto padziko lonse, amafuna paipi yachitsulo yopanda msoko, uta waukulu wa mamilimita 45 ndi khungu la 2.5, kapena 50 ndi khungu la 2.0, zina zotsalazo 38 ndi 2.5 kapena 40 ndi 2.0. Paipi ya 45 imalemera makilo 2.6 pa mita, ya 38 imalemera 2.2, ndiye khola lathunthu limadya makilo 35 mpaka 45. Paipi ya madzi kapena ya mageti ili ndi msoko ndipo imang'ambika pomwepo. Mapazi a khola akhale pa mapuleti owotcherera pa thupi la galimoto, osangoima pa chitsulo chopyapyala cha pansi, chifukwa galimoto ikagubuduka amaboola ngati msomali. Musanadule paipi funsani oyang'anira mipikisano pa bwalopo malamulo a gulu lomwe mukufuna kulowa, poti magulu ambiri ali ndi kulemera komwe simuloledwa kutsika.

Mpando, malamba ndi khola zimayendera limodzi. Mpando wa mpikisano wa makilo 7 mpaka 10 umalowa m'malo mwa wa makilo 20, koma sugona chagada, ndipo malamba a m'mapewa onse awiri amakuimikani chilili. Denga likaphwanyika popanda khola, mutu ulibe kothawira. Khola nalo popanda helemeti ndi chibonga chomwe chili pafupi ndi mutu wanu. Malamba a m'mapewa amangidwe kumbuyo molunjika kapena motsika pang'ono, osapitirira madigiri 20. Mukawamanga pansi kuseri kwa mpando amapanikiza msana pa ngozi. Galimoto yofika apa ndi yokwera pa trailer, si yotengera ana kusukulu ku Mufakose.

Mukamaliza, bwererani pa masikelo aja, ndipo mudzapeza kuti makilo ambiri achoka kumbuyo. Kumbuyo kwakwera, mwina sentimita imodzi kapena awiri, ndipo kukwerako kwasintha mapendekedwe a matayala, choncho alignment ichitidwenso. Masipuling'i ndi ma shock akumbuyo tsopano auma mopitirira katundu wawo, galimoto imadumphadumpha pa mabampu. Mabuleki akumbuyo akugwira ndi mphamvu yakale pa matayala omwe sakupanikizika ngati kale, ndiye amakhoma msanga mukamalowa m'kona, makamaka ngati ABS, yoletsa matayala kukhoma, munaichotsa. Mankhwala ake ndi valavu yochepetsa mphamvu ya mabuleki akumbuyo, kutsitsa kumbuyoko kubwerere pa muyeso wake, ndi kusamutsira batire m'buti kapena kuseri kwa mpando wa kumanzere, mbali yomwe kulibe dalaivala. Waya wake ukhale wonenepa, fyuzi ikhale pafupi ndi batire penipeni, ndipo paliponse pomwe wayayo waboola chitsulo pakhale mphete ya labala. Mpweya wa matayala akumbuyo muutsitse pang'ono, muzungulire bwalo kangapo, muupimenso matayala akadali otentha.